Chimbale cha Gray pa Chinkhoswe

Loweruka la chinkhoswe cha mwana wanga Tusekele, cha m'ma 12 koloko masana, makina a muholo ya tchalitchi chathu ku South Bend analavula chimbale cha bambo ake kachitatu.

Gray, malemu mwamuna wanga, anajambula chimbalecho mu 2007, madokotala atamuuza kuti khansa yafalikira. Munali malangizo a tsiku limene mwana wake adzapeze banja. Anandipempha kuti ndisachionere mpaka tsikulo, ndipo ndinamvera.

Nthawi imeneyo mitundu iwiri ya zimbale inkalimbirana msika: HD DVD ya mabokosi ofiira ndi Blu-ray ya mabokosi abuluu. Chimbale cha mtundu wina sichinkalira pa makina a unzake. Gray anasankha zofiira. Mnzake Hamilton, wa ku Lawrence ku Indianapolis, anasankha zabuluu, ndipo Lamulungu lililonse ankanyogodolana pafoni. Zofiira zitasiya kupangidwa, Hamilton anaimba: "Achimwene, timu yanu yafa, maliro ali kuti?" Gray anadula foni. Patatha miyezi iwiri tinamuika m'manda, ndipo Hamilton sanapondenso pakhomo pathu.

Makina a Gray anawonongeka kalekale madzi atalowa m'chipinda chapansi. Ine ndinkangoti chimbale ndi chimbale.

Tusekele anandiuza m'Chingerezi kuti palibe kanthu, koma anayang'ana kukhoma. Ndinatuluka panja, ndinapemphera mawu ochepa, n'kuimba nambala ya Hamilton, imene ndinali ndisanaimbe kwa zaka zisanu ndi ziwiri.

"Alamu, ndine Chrissie. Mukudziwako munthu amene ali ndi makina a zofiira zija? Muli mawu a Gray."



"Mwambo ukuyamba nthawi yanji?" anafunsa.

"Thuu koloko."

"Adileyeniko pang'ono, alamu." Foni inaduka.

Sananene kuti makinawo alipo. Msewu wake ndi wa maola awiri ndi theka.

Thuu koloko inakwana, holo itadzaza. Mayi Shalom, otsogolera kwaya, anandiyang'ana kamodzi n'kuyambitsanso nyimbo imene inali itangotha. A Lyson, nkhoswe ya kuchimuna, anayang'ana wotchi yawo kawiri, kenako anaivula n'kuiika m'thumba. Zoterezi ndimaziona.

Firii koloko itadutsa, nyimbo zinatha. Wolengeza anabwera kudzandinong'oneza. "Mayi, tingodumpha gawo la bambo?"

Ndisanayankhe, chitseko chinatseguka. Hamilton analowa atavala masilipasi, atakumbatira chinthu chokulungidwa m'thaulo.

"Inu, zofiira?" ndinafunsa.

"Ndinawagula sabata imene tinaika mnzanga," anatero osandiyang'ana. "Anandisiyira chimbale cha kwaya yathu. Ndinalibe poonera."

Anagwada kuseri kwa kanema n'kulumikiza mawaya. Chimbale chinalowa. Pakanema panali bii.

"Amachedwa kudzuka awa," anatero. "Ndinkamuseka nazo zimenezi."

Palibe anaseka. Makina anali kulira chapansipansi. Tusekele anaimirira, atagwira m'mphepete mwa tebulo. Ine ndinangoti mumtima, Ambuye, kamodzi kokhaka.

Kuwala kunabwera, n'kuzima. Hamilton anakanikiza waya ndi chala. Kunabweranso.

Gray anali pampando wake wapawindo, atavala juzi imene ndinamulukira. Anakhosomola, namwetulira.

"Tusekele, mwana wanga. Ndikudziwa waimirira. Khala pansi, nkhaniyi ndi yaitali."

Anakhala.

Malangizowo anatenga mphindi makumi awiri. Nthawi yonseyo Hamilton anali chigwadire pasimenti, chala chili pawaya, akumvera mnzake osamuona nkhope. Nditamupititsira mpando anapukusa mutu.