Nkhope ya Ellen pa Galimoto

Kizito atatumizidwa ku Mzimba kukayendetsa shopu ya nyale za sola, anapeza antchito atatu akuwodzera pakauntala, katundu ali mbuu ndi fumbi. Anali mnyamata wa ku Dedza, wolankhula mofulumira ngati akuthamangira basi, ndipo akuluakulu a kampani ku Lilongwe anali atamuuza mosapsatira kuti malonda akapanda kukwera, shopuyo aitseka.

Tisaname, ntchito ankaidziwa. Analetsa zodikira kasitomala uli phee pampando. Munthu akalowa, umpatse moni kaye, umufunse chimene amaunikira kunyumba, kenako uyatse nyale aione ndi maso ake. Mtengo uzibwera pomaliza. Amene wagula uzimuimbira foni kumva ngati nyale ikuyaka bwino, chifukwa ndi yemweyo amene adzakutumizire mnzake. Mafoni m'mawa, kupukuta mashelefu masana. Masiku a msika galimoto ya kampani izipita ku Embangweni ndi ku Manyamula.

Pa antchito atatuwo, Chris, Maggie ndi Ellen, amene anazigwira msanga anali Ellen. Anali mayi wa mwana mmodzi, wokwatiwa kwa a Zgambo ku Manyamula, ndipo mwamuna wake Kingstone anali ku Joni monga amuna ambiri a kumeneko. M'kati mwa sabata Ellen ankagona kwa azakhali ake pa boma. Azimayi anzake a amuna a ku Joni ankamufuna iyeyo basi, poti ankadziwa kulankhula nawo za mdima wa m'nyumba zawo zamalata. Chimodzi chokha ankakana: ulendo wa ku Manyamula. Umenewo ankasinthana ndi Maggie nthawi zonse, ndipo Kizito sanafunse chifukwa chake.

Malonda atayamba kukwera, Kizito anaganiza zolimbikitsa anthu ake. Anawaitana mmodzimmodzi n'kufunsa chimene chingawasangalatse. Chris anati njinga. Maggie anati yunifolomu ina, yakeyo inali itasuluka. Ellen anayang'ana pansi.

"Ine abwana, mundilole ndiziweruka masana Loweruka, ndizikafika kumudzi kukadali kowala. Lamulungu azindiona ku tchalitchi. Mbwenu basi."

"Zochepa zomwezo? Inuyo ndiye mwanyamula shopu ino. Anthu akuyenera kukudziwani."

"Ndapota abwana, zoonekera ine ayi."

Kizito anaseka. Anaziona ngati manyazi wamba a munthu wakumudzi, manyazi ofunika kuwachiza. Amati safunsa anadya phula. Kizito anafunsa ndithu, yankho analimva ndi makutu onse awiri, koma phulalo analidyabe.

Anatumiza ku Lilongwe chithunzi cha Ellen chimene anamujambula tsiku lina atanyamula nyale, akumwetulira kasitomala. Galimoto itabwerako ku Lilongweko kumene inakakonzedwa, mbali yonse ya kumanzere inali nkhope ya Ellen, yaikulu kuposa chitseko, ndipo pansi pake panalembedwa kuti: Ellen, katswiri wathu wa malonda ku Mzimba. Kizito anagula mabanzi ndi zakumwa, anatulutsa onse panja kuti aone. Chris anaomba m'manja kawiri n'kusiya. Maggie anagwira pakamwa.

Ellen anaima nthawi yaitali akudziyang'ana. Kenako anati, "Galimoto iyi isapite ku Manyamula."

"Mawa ndi msika, mayi. Muzolowere kutchuka," anatero Kizito.

"Isapite, abwana."

Inapita. Tsiku limenelo Chris ndi Maggie anagulitsa nyale zonse dzuwa lisanapendeke, chifukwa msika wonse unakhamukira pagalimoto kudzaona mkazi wa kwa a Zgambo. Anthu anajambula ndi mafoni. Galimoto isanabwerere pa boma, zithunzizo zinali zitafika kale ku Joni.

Lolemba Ellen sanabwere. Lachiwiri foni yake inali yozima. Kizito anayamba ndi kukwiya, kenako mantha anamugwira, ndipo anafunsa Maggie.

"Abwana, inu simukudziwa kuno," anatero Maggie. "Kwa apongozi ake Ellen anatsanzika kuti akukathandiza azakhali ake odwala miyendo. Za ntchito ankadziwa a Kingstone okha, ndipo analola chifukwa ganyu ku Joni yavuta chomene. Anangoti bola anthu asamve. Mkazi wa munthu wa ku Joni akamagwira ntchito, anthu amati mwamuna walephera. Tsopano anzawo kumeneko akuwaseka kuti akudyetsedwa ndi mkazi."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munthu angaulule umphawi wa mwamuna wake kwa bwana? Anakuuzani kuti isapite."

Kizito anachita manyazi mpaka anasowa poyang'ana. Tsiku lomwelo akuluakulu a ku Lilongwe anamuimbira kumuyamikira, ati shopu ya Mzimba yaposa zonse za kumpoto, ndipo maganizo a chithunzi aja akufuna awatengere ku mashopu ena. Iye anangoti zikomo.

Loweruka anabwereka njinga yamoto, galimoto anaisiya kuseri kwa shopu, n'kupita ku Manyamula. A Zgambo, apongozi a Ellen, anamulandira pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi khola. Anali bambo wamtali, waulemu wake, ndipo sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Kizito anapepesa, anafotokoza kuti kulakwa konse n'kwake, kuti chithunzicho achichotsa, kuti Ellen ndi wantchito amene sangapezekenso.

"Yewo, mwachita bwino kubwera," anatero a Zgambo. "Koma tamverani, a bwana. Ife ng'ombe za malowolo tinapereka. Mwana wathu ali moyo. Ndiye nkhope ya mkamwana wanga iziyenda m'misika ngati sopo? Chithunzi muchotsa pagalimoto, nanga m'mafoni mwa anthu muchotsa?"

A Zgambo anapitiriza.

"Kingstone wanena kuti mkazi wake amutsatire ku Joni. Mwezi ukatha anyamuka. Mwana atsala kuno ndi ife, njira ija si ya ana. Mbwenu nkhani yatha."

Apo ndi pamene Ellen anatulukira ndi madzi akumwa. Anali atavala chitenje chakale ndi duku, anagwada patali, anapereka kapu ndi manja awiri osakweza maso. Kizito sanakhulupirire kuti ndi mayi yemwe uja ankaseketsa makasitomala mpaka kuiwala kunenerera mtengo. Kamtsikana kake kanali kumugwira chitenje, kosadziwa kuti masiku okhala ndi mayi ake akutha. Madziwo Kizito anamwa modzikakamiza.

Potsanzika, a Zgambo analola kuti Ellen aperekeze mlendo mpaka pamsewu, mlamu wake wamkazi akutsatira m'mbuyo. Kizito ankakankha njinga. Anali atakonza mawu ambiri m'njira monse, koma onse anamuthawa.

"Mayi, ndinkafuna kukulemekezani," anatero pomaliza.

"Ndikudziwa, abwana. Ndiye chikundiwawa n'chomwecho. Mukanakhala munthu woipa ndikanakutukwanani, mtima n'kuphwa."

"Ku Joni mukapeza ntchito ina. Luso muli nalo."

Ellen anaseka pang'ono. "Munthu amene wasekedwa chifukwa cha ntchito yanga akandilola kutuluka pakhomo? Ndikakhala m'kachipinda, kudikira abwere."

Anafika pamsewu. Ellen anayang'ana kumene kuli boma, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inakhala ngati ya m'shopu muja.

"Ntchito ija ndinkaikonda chomene," anatero. "Pamalo panga mwaikapo ndani?"

"Palibe. Ndimati mwina mubwerera."

"Muikepo Maggie, anthu amamukhulupirira. Akachita bwino mudzamufunse chimene akufuna." Anakonza duku lake n'kutembenuka. "Ndipo akakuuzani, abwana, mudzampatse chomwecho."