Chilembo Chimodzi cha M'manyuwalo

Sikelo ya pashedi ya kumapeto kwa esiteti, mbali ya ku Mphuka, inasiya kutumiza makilo a tiyi ku ofesi Lachiwiri m'mawa. Zulaika Osman, yemwe ankasamalira yekha makompyuta onse a paesitetipo, anakwera njinga yamoto n'kulimbana ndi matope mphindi makumi anayi.

Anapeza mzere wa othyola tiyi utafika kumsewu, madengu ali kumsana. A Fabiano, kapitawo wa pashedipo, anali atayamba kale kulemba makilo m'kope.

"Mwafika, achemwali? Chinthu chanuchi chatitaya. Tiyi akupsatu m'madengumu."

"Mundipatse mphindi khumi, akapitawo."

Kakompyuta ka sikelo kanali katasokera njira yopita ku seva, kompyuta yaikulu ya ku ofesi. Zulaika anatsegula manyuwalo a m'kompyutamo, masamba ofotokoza kagwiritsidwe ntchito ka komandi iliyonse, mawu olamulira kompyuta. Anapeza komandi yokonzera njira za netiweki, n'kulemba ndendende mmene tsambalo linanenera. Kompyuta inayankha kuti mawu amenewo sikuwadziwa. Analembanso, yankho lomwelo. Anazimitsa, n'kuyatsa. Anasintha waya. Anakwera pampando kusuzumira kudenga ngati khoswe wadya kanthu.

Dzuwa linafika pamutu. Mayi wina anatula dengu n'kukhala pansi pakhomo, kumangomuyang'ana.

Cha m'ma thu koloko Zulaika anakwera kachitunda komwe foni imagwirako. Ali chiimire pakati pa tiyi, anafufuza mbiri ya pulogalamu ya komandi ija mpaka anapeza kuti eni ake anasintha chilembo chimodzi cha komandiyo zaka zitatu zapitazo, koma tsamba la manyuwalo palibe analikhudza. Anatsika, n'kulemba chilembo chatsopanocho. Sikelo inalira, makilo n'kuyamba kupita.

"Basi?" anafunsa a Fabiano. "Tsiku lonseli?"

"Buku linanama, akapitawo."

"Nanga wolemba bukuyo ali kuti, timufunse?"

"Ndi anthu ongodzipereka, ali mayiko osiyanasiyana. Aliyense woona cholakwika amaloledwa kukonza."

"Ndiye mwachionatu inu."

Zulaika anayamba kulongedza zida zake. Msana unkamuwawa, ndipo chidzukire anali asanalawe kanthu.

Loweruka, ali kwawo ku Bvumbwe, atamaliza kuchapa, anakhala pakhonde n'kukonza mzere wolakwika wa m'manyuwalo uja, n'kuutumiza kwa osamalira masambawo. Lolemba munthu wina wongosaina kuti M. anayankha kuti zikomo, koma mzere watalika, audule pawiri. Anaudula. Lachinayi M. anati chifukwa chosinthira wachilemba malo olakwika. Anachisuntha. Kenako wina anatulukira n'kunena kuti mwina pafunika kulemba tsamba lonse mwatsopano, ndipo awiriwo anatsutsana masiku anayi osamufunsa Zulaika kanthu.

A Zakeyu, mkulu wa ofesi, anamupeza akuwerenga mkanganowo.

"Imeneyi ndi ntchito ya esiteti, a Osman?"

"Ayi, bwana."

"Pulinta ya kufakitale yatafuna mapepala kuyambira dzulo."

Zulaika anapita kukachotsa mapepalawo. Kuchokera pamenepo osamalira masamba aja anangoti zii. Sabata zisanu zinadutsa, mvula inakula, mphenzi inawotcha rauta, kabokosi ka intaneti ka kugeti, ndipo iye anasiya n'kuyang'ana komwe ngati ayankha.

Uthenga unabwera Lachitatu masana, ali m'minibasi ya ku Limbe kukagula mawaya. M. analemba kuti zimene anakonza zija zalandiridwa. Pansi pake anawonjezera kuti masamba ena khumi ndi anayi a za netiweki nawonso akhala zaka osaonedwa, ndipo poti iye ali ndi diso, kodi sangawaoneko?

Zulaika anawerenga kawiri. Anatsamiritsa mutu pagalasi, minibasi ikugwedezeka m'maenje. Atayandikira siteji yake analemba kuti aona awiri okha, ndipo asamufulumizitse. Anaika foni m'chikwama, n'kuuza kondakitala kuti amutsitse patsogolo apo.