Masiku Atatu Lamulo Lisanayambe

Anzawo ankawatchula kuti Mayi Simbi, chifukwa kwa zaka khumi ndi chimodzi anaima pa makina ositira m'kampani yochapa nsalu za m'mahotela. Chipinda chawo chinali chakumapeto, chopanda zenera, chotentha ngati uvuni. Ikamakwana nthawi ya nkhomaliro, malaya ankakhala atamatirira kumsana. Zaka zonsezo sanalembedwe ntchito yokhazikika. Miyezi isanu ndi umodzi ikatha ankasaina pepala latsopano, ngati munthu wofika dzulo. Tchuthi analibe. Akadwala ankangomanga mutu ndi kansalu n'kunyamuka.

Amene anawapezera ntchitoyo anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, yemwe anali kapitawo pakampanipo. Anali munthu wanthabwala. Akamadutsa pa makinawo ankadzipinda ngati nsalu n'kupempha kuti amusite makwinya a pamphumi.

Nkhani ya lamulo latsopano inabwera ndi dalaivala wa galimoto yonyamula nsalu, amene anaimva pa wailesi. Akuti aliyense amene wagwira ntchito malo amodzi kupitirira chaka azilembedwa yokhazikika, azipita kutchuthi, ndipo asamachotsedwe popanda chifukwa. Lamulolo liyamba tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Azimayi ochapa anasangalala. Wina anati tchuthi chake choyamba adzagona sabata yathunthu mpaka nthiti zidandaule. Mayi Simbi atafika kunyumba anauza mwana wawo wamkazi kuti tsopano apeza mpata wokaonetsa maondo awo kuchipatala.

Kuyambira sabata imeneyo kapitawo uja anasiya nthabwala. Nkhomaliro ankadyera yekha kuseri kwa thanki ya madzi.

Kutatsala masiku atatu kuti mwezi uthe, onse anaitanidwa panja, pamalo opakirira nsalu. Bwana sanatuluke. Anatuma kapitawo ndi pepala m'manja. Iye anawerenga kuti makontirakiti atha ndipo sawonjezedwanso, ntchito yochapa ndi kusita yaperekedwa ku kampani ina yobwereketsa antchito. Kenako anayamba kutchula maina, kuyambira amene akhalitsa. Dzina la Mayi Simbi, mlamu wake, linali lachiwiri. Analitchula lonse, maso ali papepala, ngati la munthu amene sanadyepo naye mbale imodzi.

Mwezi utayamba, Mayi Simbi ndi anzawo awiri anapita ku ofesi yoona za ntchito. Anakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Amene anawalandira anali mtsikana waulemu wovala magalasi. Anawerenga mapepala awo onse, limodzilimodzi, n'kuwasanja bwino patebulo.

"Amayi, lamuloli ndi labwino ndipo linalembedwera anthu ngati inu," anatero. "Koma silibwerera m'mbuyo. Tsiku limene linayamba, inu munali musalinso pantchito."

Anawauza kuti akhoza kukasuma kukhoti, poti zikuoneka kuti kampaniyo inachita dala, koma milandu kumeneko yaunjikana ndipo wawo ungamveke patatha zaka ziwiri. Mayi Simbi anathokoza. Potsika masitepe anagwirira khoma.

Lamlungu masana mlamu wawo anabwera kunyumba. Anakhala kunsonga kwa mpando, chipewa chili pabondo. Anafotokoza kuti mainawo sanasankhe ndi iye, anangopatsidwa, ndipo akanakana akanawerenga wina. Kenako anatulutsa fomu ya kampani yobwereketsa antchito ija. Anati ntchito ndi yomweyo, makina ndi omwewo, kungoti amakuitana pafoni tsiku limene akukufuna, ndipo miyezi ingapo ikatha amakusamutsira kwina kuti usakwanitse chaka pamalo amodzi. Vuto linali limodzi: sankatenga munthu wopitirira zaka makumi anayi ndi zisanu. Mayi Simbi anali ndi makumi asanu ndi ziwiri. Mlamuyo ananong'ona kuti angolembapo zochepa.

"Alamu, mwandichotsa ntchito," anatero mayiwo. "Tsopano mukufuna mundichotsenso zaka?"

Mlamuyo anaimirira. Anasiya fomuyo patebulo n'kutsanzika.

Mayi Simbi anailemba ndithu fomuyo, patatha masiku anayi, zaka n'kuchepetsa. Ku ofesi ya kampaniyo kalaliki anapempha chiphaso. Anayang'ana chiphasocho, anayang'ana fomu, n'kuwabwezera zonse, poti zaka sizinagwirizane. Pamzere wa ofuna ntchito panali atsikana amene iwo anawaphunzitsa kupinda nsalu. Onse anayang'ana pansi.

Anayamba kusita zovala za anthu oyandikana nawo, pakhonde, patebulo lodyera. Magetsi akazima, ntchito inkaimanso. Maondo anatupa mpaka anayamba kusita atakhala.

Patatha miyezi iwiri, mlamu wawo anafika m'mawa wa tsiku lantchito, atavala zovala zakunyumba. Kampani yatsopano inali itabwera ndi kapitawo wakewake, iye n'kuchotsedwa ntchito. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akukamba za mvula, asanafunse kuti ofesi yodandaulira ija ili chipinda chiti.

Mayi Simbi anaimika simbi, n'kumuyang'ana. Anali ataonda.

"Mukakwera masitepe, chitseko chachiwiri kumanzere," anatero. "Mulawirire. Mutengenso madzi akumwa, mpopi wa kumeneko ndi wouma."

Iye anathokoza n'kumapita. Iwo anatembenuza malaya a mwini wake n'kuyamba kusita kolala.