Mbale wa Nkhadze

Diso la amuna anga a Kadzuwa ndinaliwononga ndine, ndipo sindidzapepesa mpaka kumanda.

Chinali chaka chimene Chitaganya chinayamba. Mwana wathu Sabina anadwala maso, manthongo okhaokha. Bambo akewo anabwera kuchokera ku Golomoti atanyamula chomera chonenepa, chaminga, chopanda masamba. Ati munthu wina pamsika wawauza kuti utomoni wake ukadonthezedwa m'maso, mwana achira.

Mlongo wanga Damiano anali pakhomo masana amenewo. Iyeyu ankagwira ntchito kwa mzungu wina ku Mtakataka, wofesa njere zakutchire m'mapale n'kumajambula mbande zake. Atangochiona chomeracho anadzambatuka.

"Alamu, chimenecho ndi mbale wa nkhadze."

"Nkhadze ili ndi minga? Nkhadze njonenepa chonchi?"

"Zimasiyana zikakula. Ndafesa zonse ziwiri ndi manja angawa. Pomera simungazisiyanitse: timasamba tiwiri, kathunthu kotupa, mukakabaya kamatuluka mkaka. Ubale umaoneka paukhanda. Musayerekeze, mwanayu ndi mbumba yanga."

Mayo ine, mawu omalizawo! Mkamwini kukumbutsidwa kuti mwana si wakwawo? A Kadzuwa anatola mpini wa khasu, pamutu pa Damiano pha! Mlongo wanga anagwa chafufumimba, magazi ali chuchuchu m'fumbi.

Kenako amuna angawo anamugwira Sabina n'kumupana ndi mawondo. Mwana akukuwa, iwo anamukanula chikope ndi chala, nathyola chomera chija. Ndinaliona dontho loyera likulendewera pamwamba pa diso la mwana wanga.

Ndinali ndi munsi m'manja, ndinkasinja mapira. Sindinaganize kawiri. Ndinawaphwanya mkono, chomera chinawathira kumaso, minga ndi utomoni womwe.

Kulira kwawo ngati mbuzi yozingidwa. Anagubuduzika pabwalo akudzikanda, akunditukwana ine ndi amayi anga omwe. Ndinawathira madzi mtsuko wonse, koma mwaukali, osati mwachisoni. Pofika nawo kuchipatala ku Mua, diso lamanzere linali litayera kale.

Damiano anatsala ndi chipsera, Sabina anachira ndi mankhwala a asisitere. Amuna angawo sanandilankhule mpaka titakolola.

Tsiku lina ndinawapeza pakhonde akulimbana ndi singano, kabudula wong'ambika ali pamwendo. Sabina anawalanda, nalowetsa ulusi kamodzi kokha. Iwo anamuyang'anitsitsa m'maso ake onse awiri, misozi ikutsika mbali imodzi.