Tsiku Limene a Kalimu Anaimirira

Halimatu sankaopa dokotala wa kampani ya inshuwalansi ayi. Ankaopa mwamuna wake.

A Kalimu ankayendetsa takisi mu Limbe mpaka tsiku limene lole inawawomba kumbuyo pa Chichiri n'kuwavulaza msana. Kuyambira pamenepo, ngakhale kupita kuchimbudzi unali ulendo wa anthu awiri. Koma mlendo akangoti odi, bambo amenewa ankapukuta thukuta n'kuyamba nthabwala. Kwa iwo, kudandaula pagulu kunali kunyoza Mulungu amene anawasiya ndi moyo.

Loya wawo, mayi Felicia, anawachenjeza mosapsatira. "Chipukutamisozi chimayendera kukula kwa kuvulala. Dokotala wawo akalemba kuti muchira n'kubwerera pantchito, adzakupatsani yogulira panado basi. Musaname, koma musabisenso ululu."

"Tamva, madamu," anatero a Kalimu.

Halimatu ankamudziwa bwino "tamva" ameneyu. Mtima wake unali m'mwamba. Nyumba inali ya lendi, mwana wawo woyamba Sumayyah anali asanamalize sukulu, ndipo mwamunayu chiwongolero sadzachigwiranso.

Tsiku loyezedwa Halimatu anawakankha pa njinga ya olumala mpaka kuchipinda cha dokotalayo m'tauni mwa Blantyre.

"Bambo a Sumayyah, chonde, lero lokha musadzilimbitse," ananong'ona.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa dokotala wa imvi mbuu, msinkhu wa bambo owabereka a Kalimu. A Kalimu analeredwa kuti mwamuna salonjera wamkulu ali chikhalire.

Halimatu anawatsina paphewa, koma zinali zitatha kale. A Kalimu anagwira tebulo, kukukuta mano, n'kudzuka pang'onopang'ono mpaka kuima njo, chinthu chimene kunyumba sankachita popanda kubuula.

"Kani mukutha kuima nokha?" anafunsa dokotala. "Nanga ululu?"

"Alhamdulillah, tithokoze Mulungu, adokotala, tikupezako bwino."

Dokotala anagwedeza mutu mokondwa, n'kuyamba kulemba. Halimatu anafuna kukuwa kuti si zoona, kuti munthuyu ululu ukamugwira amaluma pilo kuti ana asamve. Koma akanatsutsa bwanji mwamuna wake pamaso pa mlendo? Cholembera cha dokotala chinkangoyenda.

Atatuluka, malaya a Kalimu anali atanyoweratu ndi thukuta, miyendo ikunjenjemera yokha. Anatembenuka movutikira, misozi ili lengelenge, koma akumwetulira.

"Mwaona, mayi a Sumayyah? Sindinakuchititseni manyazi."