Zimene a Horiuchi Anandiletsa Kumasulira

Ndakhala mu Legnica, tauni ya ku Polandi, zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndinabwera kudzakwatiwa, amuna anga a Zbigniew anamwalira, ine ndinatsala. Popeza Chipolishi ndimachiyankhula bwino, Ajapani anzanga ogwira ntchito kufakitale yopanga zipangizo za galimoto amandiitana akafuna womasulira, kaya kuchipatala, kaya kusukulu ya ana.

Mu Febuluwale chaka chatha anandiimbira foni a Horiuchi, mkulu woyang'anira kuti katundu wa fakitaleyo azituluka wopanda chilema. Anali bambo a zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu. Anabwera okha, akazi awo anatsala kwathu ku Japani, mumzinda wa Hamamatsu, ndi mwana wawo wamkazi amene ankakonzekera mayeso. Anati m'mimba mukuwavuta, ndipo akufuna ndiwaperekeze kwa dokotala kukamva zotsatira za magazi. Asanadule foni anapepesa katatu chifukwa chondivutitsa.

Atabwera kudzanditenga ndinaona kuti awonda. Kolala ya malaya inkangolendewera m'khosi, ndipo lamba anali atamuboola bowo lina ndi msomali. Njira yonse tinkakamba za chipale chofewa ndi kusowa kwa nsomba zabwino m'tauni muno.

Dokotala anali mayi Gajda, achikulire, osadziwa kuzungulira pokamba nkhani. Anati magazi ali bwino, m'mimba mulibe chilonda. Kenako anavula magalasi n'kufunsa ngati a Horiuchi amagona.

"Ndimagona bwino," anatero a Horiuchi. Ndiye anatsitsa mawu, maso ali pa mawondo awo, n'kupitiriza ngati akudziyankhulira okha. Anati tulo anasiyana nato chaka chisanathe. Akuluakulu a ku Japani amafuna msonkhano m'mamawa, antchito a kuno amaweruka nthawi ikangokwana, ndipo mbali zonse ziwiri zikakwiya zimakalipira iwo. Anati akafika pantchito amakhala m'galimoto pafupifupi ola lathunthu, dzanja likukana kutsegula chitseko.

"Koma izi musanene, mayi Sumie. Auzeni kuti ndimagona bwino."

Ndinawauza dokotala kuti amagona bwino.

Mayi Gajda anandiyang'ana. "Amayi, bambowa ayankhula mpaka tiyi wanga wazizira, inu mwandipatsa mawu awiri. Chijapani n'chachitali choncho?"

Mantha a a Horiuchi ndinkawadziwa. Kwathu mwamuna wobwezedwa kuchokera kunja chifukwa cha matenda a maganizo sachotsedwa ntchito, koma amamupatsa tebulo la pakona, anzake n'kumamupatsa moni motsitsa mawu mpaka adzapume. Komanso ntchito yanga ndi kunena zimene munthu wafuna kuti zinenedwe, osati kumusankhira. Komabe ndinatembenukira kwa iwo.

"Bambo, ndiloleni ndinene. Ngati n'kundikwiyira mudzandikwiyire tikatuluka."

Sanavomere, sanakane. Ndinadikira pang'ono, kenako ndinanena zonse. Dokotala anamvetsera osalemba kanthu. Nditamaliza anafunsa ngati a Horiuchi anaganizapo zodzipha. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndimasulire, a Horiuchi anayankha okha m'Chipolishi chawo chothyokathyoka.

"Nthawi zina."

Sindinkadziwa n'komwe kuti mawu amenewo amawamva.

Mayi Gajda anawalembera kalata yopuma milungu itatu ndi ina yokaonana ndi dokotala wa matenda a maganizo mumzinda wa Wrocław. Anawapatsanso nambala yoti aimbe maganizo oipawo akawabwerera, ndipo anawatsimikizira kuti abwana awo sadzauzidwa dzina la matendawo. A Horiuchi anapinda mapepalawo bwinobwino n'kuwaika m'thumba la jekete.

Anandibweza kunyumba. Titafika pakhomo anatsika m'galimoto, anawerama mwaulemu wonse, n'kundithokoza ndi mawu aja othokozera mlendo amene simudzakumananso naye. Mawa lake ndinamva kwa mkazi wa mnzawo kuti apita kuntchito monga mwa masiku onse.

Milungu iwiri foni yanga inali zii. Ndinkaphika mpunga wa munthu mmodzi, kudya nditaima pafupi ndi zenera, n'kumadzifunsa ngati ndinawathandiza kapena ndinangowavula pamaso pa anthu. Kawiri ndinafika mpaka pa geti la nyumba imene ankakhala, n'kubwerera osagogoda. Nkhaniyi ndinalibe woti ndimuuze. Ajapani a kuno tilipo ochepa, ndipo mawu akatuluka pakamwa Lachiwiri, Lachisanu amakhala atafika ku likulu la kampani.

Kenako anaimba. Za tsiku lija sanatchule. Anangoti Lachinayi ali ndi ulendo wa ku Wrocław, ndipo ngati ndili ndi mpata akufunika womasulira.

Tinapita kasanu ndi kawiri, pa sitima, aliyense atayang'ana pazenera. Dokotala wa kumeneko, a Sobczak, anali munthu wofatsa, wodziwa kudikira. Poyamba a Horiuchi ankangofotokoza za ntchito ngati akupereka lipoti. Ulendo wachitatu anakamba za nyumba yawo, kuti mipando inali idakali m'mapulasitiki chifukwa panalibe wobwera kudzakhalapo. Anati Lamlungu akafuna kuimba foni yoonana nkhope kwawo amayamba ameta ndevu n'kuyatsa magetsi onse kuti akazi awo asaone kanthu. Tsiku limenelo analira, ndipo anapepesa kwa ine ndi kwa dokotala chifukwa cholira.

Womasulira amayankhula ngati mwini mawu. Choncho ndinali ine wonena m'Chipolishi kuti ndatopa, ndikuchita mantha, palibe amene angazindikire nditasowa. Pobwerera pa sitima ndinkapeza kuti mawu amenewo akundibwererabe m'mutu ngati anga omwe.

Mu Epulo anawauza akazi awo zoona. Akaziwo anabwera patangotha masiku anayi, mayi wamng'ono thupi wosachedwa kuchita zinthu, ndipo ndi iwo analemba kalata yopempha kuti amuna awo abwerere kwawo. Kampani inavomera. Sindikudziwa tebulo limene anawapatsa kumeneko.

Sanabwere kudzanditsanzika. Anatumiza paketi ya tiyi wobiriwira ndi kakhadi kolembedwa mwaulemu kuti akuthokoza chifukwa cha thandizo langa pa nthawi imene anakhala mu Polandi. Sindinakhumudwe. Munthu amene wakuona ukulira ndi wovuta kumuyang'ana m'maso masana.

Chilimwe chitafika ndinaimba foni kwa a Sobczak. Mlembi wawo anafunsa dzina la wodwala amene ndikubwera naye, ndipo ndinati ndine ndemwe. Ndinakhala pampando umene ankakhala a Horiuchi, chikwama chili pamiyendo. A Sobczak sanandifulumizitse. Kenako anafunsa kuti pa masiku wamba, ntchito yomasulira palibe, ndimayankhula ndi ndani.

Ndinati ndi mayi wogulitsa buledi pakona. Ndinapinda chala chimodzi, n'kuyamba kufunafuna dzina loti ndipindire chachiwiri.