Ulendo Womaliza wa Nalinunda

"Sindikunena kuti mumuthire tameki mu khofi, azakhali. Ndikungopempha manja anu."

Azakhali Stamatia anaika kapu pansi n'kuyang'ana zala zawo zodzaza mphete, ngati ndanena kuti ndizidula. Anzawo onse pa tebulo lija, m'kanyumba ka khofi ka ku Glyfada, m'mphepete mwa mzinda wa Athens, komwe ankakumana Lachinayi lililonse, anasiya kutafuna. Anali amayi amene utsikana wawo wonse unathera mumlengalenga, akuperekera alendo chakudya mu ndege limodzi ndi amayi anga. Tsopano mawondo ankawawawa, komabe ankakhala chowongoka msana, milomo ili psuu, ngati wina aliza belu nthawi iliyonse.

"Manja angawa uwatani, Myrto, kamwana kamisala iwe?"

"Muwaike pamiyendo. Loweruka Nalinunda akamatera, pasapezeke woomba m'manja. Basi."

Nalinunda ndi dzina lomwe tonse tinkaitchula jambo yathu, chindege chansanjika chija, chifukwa cha linunda la pamutu pake. Akuluakulu anali atagamula zoipumitsa, ati inkamwa mafuta ngati chidakwa cha paukwati. Loweruka limenelo inali yoti izungulire komaliza pamwamba pa zilumba, itanyamula antchito akale ndi mabanja awo, kenako ikaime kumapeto kwa bwalo kuti nkhunda zizimangamo zisa. Woiyendetsa, amenenso ankapuma ntchito tsiku lomwelo, anali Kaputeni Velissaris.

Kuno kwathu ndege siitera popanda manja. Ngakhale itachita kugwa ngati thumba la simenti, timaomba ndithu, kuthokoza kuti tikadali moyo. Koma Velissaris manja anali chakudya chake. Aliyense ankadziwa kuti matayala akangokhudza pansi, iye ankauza womuthandiza kuti atsegule chitseko cha chipinda choyendetsera, kuti phokosolo limulowe bwino m'makutu.

"Mwana uyu wangomaliza sukulu dzulodzuloli, akuyesa moyo ndi kanema," anatero mayi wina wa tsitsi lofiira. "Mupezereni mnyamata, mutu uzizire."

Onse anaseka.

"Kale lija akuluakulu atakuitanani kuti munene ngati nyale ya malamba inayaka, nonsenu munakhala chete," ndinatero. "Luso lake muli nalo kale. Ndikungopempha kuti mulibwereze."

Kuseka kunadukira pakhosi.

Ine ndinalimo mu ndege tsiku limenelo. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo unali ulendo wanga woyamba, wopita ku Melbourne. Mpaka lero ndikatsinzina ndimaona masitepe opiringizika okwerera m'linunda muja, ndi agogo ovala zakuda atakumbatira zitini za mafuta a azitona za ana awo a kutali, akudzilemba mtanda ndege ikangotsokomola pang'ono. Ndimaona amayi anga, Kalliopi, m'yunifolomu yabuluu, akuyenda pakati pa mipando ngati pansi sakupondapo. Ndinalumbira mumtima kuti ndikadzakula ndidzakhala m'mitambo, pansi ndizidzangobwera kudzacheza.

Kanyale ka malamba kanali pamwamba pa mutu wanga, ndipo ndinkakayang'anitsitsa chifukwa ndinkakonda kabelu kake. Ndiye ndikudziwa. Pamene ndege inaphotchoka pamwamba pa nyanja, kutsika ngati mwala, kanyaleko kanali kozima. Kangolo ka zakudya kananyamuka. Amayi anakagunda kudenga, ndipo pobwerera pansi kangolo kanawatera pachiuno. Kaputeni, Velissaris yemweyu, anali atachenjezedwa za mkuntho, koma nthawi imeneyo n'kuti akuonetsa mayi wina wokongola mabatani a m'chipinda chake.

Ku Melbourne anatera bwino kwambiri. Anthu anaomba m'manja, ena kuimba mluzu, amayi anga ali gone pansi kumbuyo kwa ndege, ataluma thaulo kuti asakuwe. Pofunsidwa, iye anati nyale anayatsa, mtsikanayo ndiye sanamvere lamulo. Ine kamwana palibe anandifunsa. Amayi ntchito inatha, m'malo mwake analandira ndodo.

"Ndinali ndi ana atatu ine, bambo wawo atathawa ndi hule la ku Patra," anatero azakhali Stamatia motsitsa mawu. "Ukudziwa chiyani iwe? Njala unaionapo? Popi, mayi ako, akudziwa zimene ukuchitazi?"

"Ayi. Angandiletse. Amayi ndi oyera mtima mopusa."

"Pakamwa apo!"

Anatenga kapu yanga, kuivundikira pambale, kenako n'kuyang'ana matsokwe a khofi ngati woombeza ula.

"Mukuona chiyani?" ndinafunsa, poti kudikira sindikutha.

"Ndikuona mtsikana wamwano amene adzavutitse mwana wa eni. Pita kwanu."

Sanalonjeze kanthu. Ndinatuluka ndikumeza misozi, ndikuwatemberera onse, mphete zawo ndi milomo yawo yomwe.

Loweruka amayi anadzuka mamawa, kusita diresi yabuluu, kumanga tsitsi mmene ankamangira kale. M'basi ankang'ung'udza nyimbo. Zinandipsetsa mtima. Munthu akupita kukakumana ndi amene anamuthyola, nyimbo ndi yachiyani?

Velissaris anaima pakhomo la ndege akulandira alendo, imvi zopesa bwino, mizere yagolide ikunyezimira pamikono. Anali wokongolabe, ndipo zimenezo ndinamuda nazo kwambiri.

"Kalliopi! Koma iwe sukalamba. Mwendo uli bwanji?"

"Ndi chiuno, a Kaputeni."

"Eya, eya, chiuno. Ndipo aka ndi kamwana kaja? Taonani msinkhu! Ukufuna ntchito ya mayi ako, chiphadzuwa? Bwera, tikulembera. Koma uzimvera malamulo, wamva?" Anaseka, n'kunditsina tsaya.

Ndikanakhala ndi foloko m'manja, nkhaniyi ndikanailembera kundende. Amayi anangondikoka mkono.

"Tiye, tikutsekereza anthu."

Atadutsa, anasisita khoma la ndege ndi chikhatho, mmene munthu amasisitira bulu wokalamba wa pakhomo.

Titangonyamuka, mu ndege munasanduka phwando. Mabotolo a uzo, kachasu wa kwathu, anatuluka m'zikwama, wina anayambitsa nyimbo, madala akuvina pakati pa mipando atagwirana mapewa. Uyu akuti pampando uwu ndi pomwe mayi wina anaberekera tili pamwamba pa India. Uyo akuti m'kabati iyi tinapezamo mwana wa nkhosa wowotcha, wathunthu, akupita ku ukwati ku New York. Kutsogolo ndinaona azakhali Stamatia akuseka ndi mkazi wa Velissaris, akugundanitsa matambula. Ndinati basi, andigulitsa.

Ndinaganiza zoigwira ndekha ntchitoyo. Ndinayamba ndi mdala wina amene anali makaniko, zikhadabo zake zikadali zakuda.

"Agogo, tikamatera musaombe m'manja."

"Chifukwa?"

Ndinawafotokozera mofulumira, mawu akupunthwana.

"Nkhaniyo ndikuidziwa, mwana wanga," anatero. "Munthuyo ndi galu, palibe amatsutsa. Koma ine sindiombera iye. Ndiombera mayi uyu." Anagogoda pansi ndi chidendene. "Ndinamulera ine ameneyu. Apite kumanda opanda womutsanzika?"

Ndinabwerera pampando wanga wa pawindo, pafupi ndi amayi, n'kutsamiritsa chipumi pagalasi kuti asaone nkhope yanga.

Apo m'pomwe Nalinunda anandigwira. Anapendeka pang'onopang'ono, phiko lake lalitali likuwerama ngati likufuna kutunga madzi, ndipo pansi panatseguka nyanja yobiriwira, zilumba zitamwazika ngati nyenyeswa za buledi pansalu ya patebulo. Tinyumba toyera, timatchalitchi, kabwato kakukoka ulusi woyera kumbuyo. Dzuwa linalowa pawindo n'kundikhala pamiyendo. Ndinadziona ndili m'yunifolomu, ndikutsika mumzinda womwe sindikudziwa chilankhulo chake, mnyamata wina wamaso achisoni akundidikira ndi maluwa pansi pa mvula. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri kachiwiri.

Kabelu kanalira. Nyale ya malamba inayaka.

Amayi a Lachinayi aja anaimirira onse pamodzi. Atsikana apantchito anayesa kuwakhazika pansi, koma azakhali Stamatia anangowayang'ana kamodzi. "Khala pansi ndiwe, kamwana. Ndege iyi ndinkaiyendera iwe usanamere mano." Anagawana mizere ngati kale, akuwerama pampando uliwonse, kukoka lamba, kunong'oneza kanthu, anthu akuseka poyamba kenako n'kusiya. Ine sindinasamale. Ndinati ndi masewera a nkhalamba zokumbuka utsikana. Maso anga anali panja.

Tinatsika. Nyanja inayandikira mpaka ndinaona mafunde, kenako madenga, kenako msewu wa m'mbali mwa gombe, magalimoto ataima, anthu atakwera pamwamba pake akukupiza malaya. Chindege chonse chija chinayandama pamwamba pa bwalo, chikukana kutsika, ngati nachonso chikudziwa. Kenako matayala anapsompsona pansi. Sindinamve kugunda kulikonse. Uzo wa m'tambula ya munthu wa patsogolo panga sanagwedezeke n'komwe.

Mulungu andikhululukire, kunali kutera kokongola koposa konse komwe ndinaonapo. Manja anga ananyamuka okha.

Dzanja lolimba ngati pulayala linandigwira pamkono.

"Usayerekeze," ananong'ona amayi, maso ali kutsogolo. "Ndadikira nthawi yaitali ine."

Mu ndege munali zii. Anthu mazanamazana, Agiriki okhaokha, atamwa kale, ndipo panalibe ngakhale wotsokomola. Ndinkamva mainjini akupuma, ndi tizitsulo ta malamba tikugundana. Mdala makaniko uja anali atakhalira manja ake, misozi ikutsikira m'ndevu. Kutsogolo kwenikweni munthu mmodzi anaomba, mkazi wa kaputeni: phwa, phwa. Anacheuka, kuona nkhope zathu, manja ake n'kutsalira m'mwamba.

Chimkuzamawu chinakhosomola. "Amayi ndi abambo, takulandirani ku Athens." Anaima, kutipatsa mpata. Tinamva mpweya wake. "Uwu unali ulendo womaliza wa ndege yathu yokondedwa, komanso wanga." Anaimanso. Mpata umenewo unali wautali, ndipo ine ndinaumwa wonse ngati madzi ozizira. Kenako chimkuzamawu chinazima.

Galimoto zozimitsa moto zinatipopera madzi mbali zonse, mwambo wolemekeza ndege yopuma ntchito, mawindo akuchucha. Pansi pa masitepe panali kapeti, akuluakulu a masuti, ojambula zithunzi, kamtsikana konyamula maluwa, ndi gulu la malipenga lodikira kuti kaputeni akangoponda pansi liyambe. Dongosolo linali loti iye atsike woyamba.

Koma amayi anali atanyamuka kale ndege isanaimitsitse, ndipo palibe anawaletsa. Pamene Velissaris ankatsika masitepe opiringizika aja, nkhope itatuwa, chipewa chili m'khwapa, anawapeza ataima pakhomo, azakhali Stamatia ali pambali pawo ngati msilikali.

"Mayi, tikuitanireni chikuku," anatero mtsikana wapantchito. "Masitepewa ndi aatali."

"Ndikuwadziwa."

"Kalliopi," anatero Velissaris chapansipansi, "anthu akudikira. Ndidutse kaye."

"Lamulo mwaiwala, a Kaputeni?" anayankha azakhali Stamatia. "Olumala amatsogola."

Amayi anatuluka padzuwa. Anatsitsa ndodo pasitepe yoyamba, kenako mwendo wabwino, kenako anakoka winawo ndi chiuno chonse, mano atalumana. Sanafune dzanja langa. Masitepewo anali opapatiza, ndipo Velissaris analibe kolowera: kumbuyo kwake kunali ife tonse, chete, kutsogolo kunali msana wa amayi. Ojambula anakweza makamera. Oimba anaika malipenga pamilomo, masaya atatupa, akudikira.

Go, inalira ndodo pachitsulo. Amayi anapuma, kukonza tsitsi, kuyang'ana nyanja. Kaputeni anaima phazi limodzi lili m'mwamba.

Go.